Kufiira Kwake Kuti? Zoyenera Kudziwa Musanapereke Oda kwa Osindikiza a ku Kya Sand

Kumpoto chakuzambwe kwa mzinda wa Johannesburg, m'mbali mwa msewu wa Malibongwe Drive umene umachokera ku Randburg kulowera ku bwalo la ndege la Lanseria, kuli dera la mafakitale lotchedwa Kya Sand. Kumeneku kuli nyumba zosungiramo katundu, malo osulira zitsulo, ndiponso makampani osindikiza zikwangwani, malebulo, makatoni ndi matisheti. Moyandikana ndi mafakitalewa muli mudzi wa tinyumba ta malata wa Kya Sands, ndipo chapafupi pomwepo pali Cosmo City ndi Zandspruit. M'madera amenewa mumakhala anthu ochokera m'maiko osiyanasiyana, kuphatikizapo Amalawi amene anapita ku Joni kukasaka ntchito ndi malonda.

Anthu akakhazikika pamalo, sipatenga nthawi kuti afune ntchito ya osindikiza. Mpingo umafuna chikwangwani ndi matisheti a kwaya. Kabungwe kothandizana pa maliro kamafuna makadi a mamembala ndi ndondomeko ya mwambo woperekeza mnzawo amene thupi lake likupita kumudzi. Timu ya mpira imafuna majezi, ndipo mayi wogulitsa chiponde kapena tsabola wa kambuzi wa m'mabotolo amafuna lebulo yoti katundu wake aoneke waulemu pa shelefu. Ndalama zolipirira zonsezi zimakhala zosonkherana kapena zosungidwa movutikira kwa miyezi ingapo.

Chodandaulitsa n'chakuti mikangano yambiri pakati pa osindikiza ndi makasitomala awo imabuka pa nkhani ya mtundu. Kufiira kumene munthu anaona pa foni kumatuluka ngati njerwa yootcha, buluu n'kutuluka wopendekera ku pepo, ndipo malebulo a mwezi uno amasiyana ndi a mwezi watha. Kawirikawiri gwero la vutoli ndi loti pali njira ziwiri zoikira mtundu papepala, zimene osindikiza amazitcha spot ndi process, ndipo wopereka oda sadziwa kuti ntchito yake idutsa njira iti.

Mawu okha sakwanira

M'Chichewa, mawu enieni otchulira mitundu ndi ochepa: kuyera, kuda, kufiira ndi kubiriwira. Mitundu ina timaitchula poifanizira ndi zinthu zimene timazidziwa, monga chikasu, phulusa, khofi ndi lalanje, pamene ina monga buluu, pinki ndi pepo tinachita kubwereka. Pocheza mawu amenewa amakwana, koma pa kauntala ya osindikiza amaperewera. Wina akamva za kufiira amaganiza za Airtel, wina za jezi ya Bullets, winanso za dothi la katondo. Wokonda mpira aliyense amadziwa kuti buluu wa Wanderers ndi wosiyana ndi wa Silver Strikers, ngakhale onse timawatcha buluu.

Ku Johannesburg vutoli limakula chifukwa oda imodzi imatha kudutsa m'zilankhulo zitatu. Kasitomala amaganiza m'Chichewa, wolandira oda amalemba m'Chingerezi, ndipo woyendetsa makina mwina amalankhula Chizulu, chimene mawu ake akuti luhlaza amaimira buluu ndi kubiriwira komwe. Pachifukwa chimenechi, ntchito yosindikiza ili ndi chilankhulo chakechake cha manambala, ndipo aliyense wopereka oda ayenera kudziwako pang'ono.

Inki zinayi ndi timadontho

Njira ya process imagwiritsa ntchito inki zinayi zokha. Yoyamba ndi cyan, buluu wowala wonga thambo. Yachiwiri ndi magenta, pinki wakupsa. Yachitatu ndi yachikasu, ndipo yachinayi ndi yakuda. Mwachidule amazitcha CMYK. Kompyuta imagawa chithunzi m'magawo anayi, gawo lililonse n'kukhala ndi puleti yakeyake, ndipo pepala limadutsa pa inki zinayizo motsatizana.

Inkizi sizisakanizidwa m'chitini. Iliyonse imatera papepala ngati timadontho ting'onoting'ono, tina togundana, tina tosanjikizana, ndipo maso a munthu ndiwo amatiphatikiza n'kuona mtundu umodzi. Timadontho ta chikasu ndi ta cyan tikakhala pamodzi timaoneka tobiriwira, ta chikasu ndi ta magenta timaoneka tofiira. Mukatenga galasi lokulitsa zinthu n'kuyang'ana chithunzi cha m'nyuzipepala, mudzationa timadonthoti titapanga timaluwa ting'onoting'ono. M'magazini a pepala losalala mumakhala mizere ya timadontho pafupifupi 150 pa inchi imodzi, pamene m'nyuzipepala mizereyi imachepa chifukwa pepala lake limamwa inki kwambiri.

Nzeru imeneyi ndi yakale. Jacob Christoph Le Blon, mmisiri wa zojambula wobadwira ku Frankfurt, ankasindikiza zithunzi ku London pogwiritsa ntchito mapuleti atatu, ya inki yofiira, yachikasu ndi ya buluu, ndipo anafotokoza njirayi m'buku lake lotchedwa Coloritto la mu 1725.

Mphamvu ya process imaonekera pa zithunzi. Mu 2016 wojambula zithunzi Johnny Miller anajambula dera lomweli kuchokera mumlengalenga pa ntchito yake yotchedwa Unequal Scenes, ndipo chithunzicho chinafalikira padziko lonse. Mbali imodzi chikuonetsa madenga a malata othithikana a ku Kya Sands, mbali ina nyumba zikuluzikulu, mitengo ndi maiwe osambiramo a ku Bloubosrand. M'chithunzi chotero muli mitundu yosawerengeka: dzimbiri, fumbi, masamba, mithunzi. Palibe wosindikiza amene angasakanize inki yapadera ya mtundu uliwonse, koma inki zinayi zija zimatha kuitsanzira yonse nthawi imodzi.

Inki yosakaniziratu

Njira ya spot ndi yosavuta kuimvetsa chifukwa imafanana ndi mmene timagulira penti. Inki imasakanizidwa makina asanayambe kuyenda, poyeza pa sikelo motsatira ndondomeko yolembedwa, kufikira itakhala mtundu weniweni umene ukufunidwa. Ikatero imathiridwa m'makina ndipo imatera papepala yathunthu, yopanda timadontho ta mitundu ina. Mtundu uliwonse wa spot umafuna puleti yake ndi malo ake pa makina.

Kuti wosindikiza wa ku Kya Sand ndi wa ku Limbe asakanize mtundu wofanana, pamafunika muyeso umodzi. Muyeso wotchuka kwambiri ndi wa Pantone, kampani ya ku New Jersey m'dziko la America. Lawrence Herbert anagula kampaniyi mu 1962, ndipo mu 1963 anatulutsa kabuku ka timapepala ta mitundu, mtundu uliwonse uli ndi nambala yake ndi kasakanizidwe kake. Lero kabukuka kali ndi mitundu yoposa 2,000, ndipo kamapezeka pafupifupi paliponse pamene pali makina akuluakulu osindikizira.

Mbendera ya South Africa, imene inakonzedwa ndi Frederick Brownell n'kukwezedwa koyamba pa 27 Epulo 1994, ndi chitsanzo chabwino. Mitundu yake ili ndi manambala odziwika: kubiriwira ndi Pantone 3415 C, chikasu cha golide ndi 1235 C, kufiira ndi 179 C, ndipo buluu ndi Reflex Blue C. Wosindikiza sachita kuganizira kuti kubiriwirako ndi kwa msipu kapena kwa masamba a mango, amangotsegula kabuku.

Makampani akuluakulu amateteza mitundu yawo ngati chuma. Kampani ya chokoleti ya Cadbury inalimbana ndi Nestlé m'makhoti a ku Britain kwa zaka zambiri pa nkhani ya mtundu wa pepo wa Pantone 2685 C. Pamene Vodacom inasiya buluu n'kutenga kufiira mu 2011, inayenera kusintha zikwangwani ndi maonekedwe a masitolo ake m'dziko lonse la South Africa. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: wogula amazindikira mtundu asanawerenge dzina. M'madera mwathu, momwe ogula ena sadziwa kuwerenga ndipo ena amawerenga chilankhulo china, mtundu wa paketi ndiwo dzina la katunduyo. Wogulitsa chiponde amene lebulo yake imasinthasintha mtundu amapatsa makasitomala ake chifukwa chokayikira kuti mwina katunduyo ndi wachinyengo.

Aliyense angathe kudzionera yekha njira ziwirizi. Mukamatula katoni ya tiyi kapena ya sopo, kawirikawiri pa kapepala kopindira mkati mudzapeza timizere kapena timadontho ta mitundu tondandalikana. Tinayi mwa ito ndi ta CMYK, ndipo totsalato ndi inki za spot zimene kampaniyo inalipira padera kuti chizindikiro chake chisasinthe.

Zimene inki zinayi sizingathe

Ngakhale process imatulutsa mitundu yambiri, ili ndi malire. Lalanje wowala, kubiriwira kowala kwambiri ndi buluu wozama zimatuluka zozimiririka. Buluu wonga Reflex Blue akamutsanzira ndi cyan ndi magenta amakonda kupendekera ku pepo. Golide ndi siliva wonyezimira, komanso mitundu yothobwa m'maso ngati ya majekete a ogwira ntchito mumsewu, sizitheka n'komwe ndi CMYK. Inki yoyera nayonso mulibe m'gululi, chifukwa njirayi imadalira kuyera kwa pepala. Pa pulasitiki yoonekera mkati kapena pa katoni ya khofi, kuyera kumafuna inki yakeyake.

Vuto lina ndi la kulumikizana kwa mapuleti. Mtundu umene wapangidwa ndi inki zitatu umadalira kuti mapuleti atatuwo atere malo amodzimodzi. Imodzi ikasuntha pang'ono chabe, zilembo zing'onozing'ono zimaoneka ngati zili ndi mthunzi. Pa lebulo ya chakudya, zilembo zoterezi ndi zimene zimanena zosakaniza, kulemera kwa katundu ndi tsiku lothera mphamvu, choncho n'kwanzeru kuzisindikiza ndi inki imodzi, makamaka yakuda. Chimodzimodzinso timizere ta barcode: tiyenera kukhala takuda pamalo oyera. Timizere tofiira makina ambiri a pa tilu satiwerenga, popeza kuwala kwawo nakonso n'kofiira.

Spot nayo ili ndi malire ake. Singatulutse chithunzi cha nkhope ya munthu m'mitundu yake yachilengedwe, ndipo mtundu uliwonse woonjezera umakweza mtengo. Komabe wokonza zojambula waluso amatha kutulutsa zambiri ndi inki ziwiri zokha, chifukwa inki imodzi ikhoza kusindikizidwa yathunthu pena, mwa theka pena, n'kupereka mtundu wozama ndi wopepuka popanda kuonjezera puleti.

Nkhani ya mtengo

Kale lamulo linali losavuta: mitundu yochepa, mtengo wochepa. Pa makina a offset, ntchito ya inki yakuda ndi mtundu umodzi imafuna mapuleti awiri, pamene ya process imafuna anayi. N'chifukwa chake mabuku ambiri akale a sukulu ndi a mipingo, komanso malisiti ndi mafomu, ankakhala a mtundu umodzi kapena iwiri. Pa ntchito za makope zikwizikwi monga maenivelopu, mabuku a malisiti ndi matumba, lamuloli likugwirabe ntchito.

Makina a digito anasintha zinthu pa maoda ang'onoang'ono. Makinawa safuna mapuleti, amalandira ntchito kuchokera pa kompyuta, ndipo ambiri mwa iwo amagwiritsa ntchito inki zinayi zomwe zija. Wofuna makope 100 a ndondomeko ya maliro yokhala ndi chithunzi cha malemu, yofunika mawa lomwe, njira yake ndi imeneyi. Osindikiza ena amaphatikizanso maoda a anthu ambiri pa pepala limodzi lalikulu la process kuti mtengo wa mapuleti ugawanidwe. Zikatero, kupempha inki ya spot kumakweza mtengo, chifukwa inkiyo iyenera kusakanizidwa kapena kugulidwa padera, ndipo makina ayenera kutsukidwa ntchito isanayambe ndiponso ikatha.

Apa pali msampha umene ambiri amagwamo. Kasitomala akhoza kutchula nambala ya Pantone, wosindikiza n'kuvomera, koma ntchitoyo n'kupita pa makina a digito amene amangotsanzira mtunduwo ndi CMYK. Pa mitundu ina kusiyana kwake sikuoneka, pa ina kumaonekera patali. Choncho kutchula nambala kokha sikukwanira. Funso lofunika ndi lakuti kodi inkiyo isakanizidwa payokha, kapena ingotsanziridwa.

Matisheti ndi nsalu

Amalawi timaidziwa bwino njira ya spot ngakhale dzina lake sitilitchula, chifukwa ndiyo imasindikiza nsalu zathu zambiri. Nsalu za zipani, za mipingo ndi za mabungwe zimasindikizidwa mtundu umodziumodzi, uliwonse ndi sefa yake, monga zakhala zikuchitikira m'mafakitale a nsalu ngati ya David Whitehead ku Blantyre. Chikasu cha UDF, buluu wa DPP ndi lalanje wa PP ndi mitundu imene anthu amaizindikira ali patali, ndipo chipani sichingalole kuti nsalu zake zituluke zosiyanasiyana.

Pa matisheti, njira ya sefa imayenda chimodzimodzi. Chizindikiro cha mitundu itatu chimafuna masefa atatu, ndipo pa tisheti yakuda kawirikawiri pamafunika sefa yachinayi ya inki yoyera yoyala pansi kuti mitundu inayo iwale. Mtengo wokonzera masefa ndi umodzimodzi kaya matisheti ndi 20 kapena 500, kotero gulu limene laphatikiza oda yake limalipira zochepa pa tisheti iliyonse. Kwaya imene yachepetsa mitundu ya chizindikiro chake kuchoka pa isanu kufika pa iwiri imapulumutsa ndalama nthawi iliyonse ikasindikiza.

M'zaka zaposachedwapa kwafala njira yosindikiza chithunzi pa kapulasitiki n'kuchimata pa nsalu ndi makina otentha, imene amaitcha DTF. Imeneyi imagwiritsa ntchito inki zinayi zija pamodzi ndi yoyera, ndipo ndi yothandiza pa matisheti ochepa okhala ndi chithunzi cha munthu, monga a pa maliro kapena pa chinkhoswe. Pa yunifolomu imene idzaonjezeredwe chaka ndi chaka, inki yosakaniziratu ya nambala yodziwika ndiyo imathandiza kuti mamembala atsopano asaoneke ngati alendo pakati pa anzawo.

Foni, pepala ndi dzuwa

Maoda ambiri masiku ano amavomerezedwa pa WhatsApp, ndipo apa ndi pamene zambiri zimasokonekera. Galasi la foni limapanga mitundu ndi kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, pamene pepala lilibe kuwala kwakekwake, limangobweza kumene lalandira. Mitundu ya pa foni imawala kuposa mmene inki ingathere, ndipo mafoni awiri saonetsa mtundu mofanana. Chithunzi cha pa foni n'chothandiza poona ngati maina ndi manambala alembedwa bwino, koma sichingakhale umboni wa mtundu.

Pepala nalonso limasintha mtundu. Chilembo C chimene chili kumapeto kwa manambala a mbendera aja chimaimira pepala losalala lonyezimira, pamene U amaimira pepala wamba lomwa inki. Inki imodzimodziyo imaoneka yowala pa loyambalo ndi yozimiririka pa lachiwirilo. Kabuku ka Pantone nakonso kamasuluka kakakalamba, ndiye ngati kali kakale kwambiri n'koyenera kukayikira. Mtundu uyenera kuonedwa pa kuwala kwa masana, chifukwa magetsi a m'nyumba amaupotoza.

Pa zikwangwani zapanja pali mdani wina, dzuwa. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo dzuwa lake limasulutsa inki msanga. Kawirikawiri chikasu ndi magenta ndizo zimayamba kutha, n'chifukwa chake mapositala akale a pa mitengo ya magetsi amasanduka a buluu. Wofuna chikwangwani cha tchalitchi kapena cha shopu afunse ngati inki yake ndi yopirira dzuwa.

Safunsa anadya phula

Musanapereke dipoziti, pali mafunso ochepa oyenera kuyankhidwa, ndipo mayankho ake alembedwe pa kotesheni. Loyamba, ntchitoyi idutsa pa makina ati, ndipo mitundu yake ndi ya spot kapena ya process? Lachiwiri, ngati pali mtundu umene suyenera kusintha, nambala yake ndi iti, ndipo ndi ya pepala la C kapena la U? Lachitatu, kodi n'kotheka kuona chitsanzo chosindikizidwa pa pepala kapena nsalu yeniyeniyo makope onse asanatuluke? Lachinayi, mtundu ukasiyana ndi chitsanzo chimene mwasainira, adzalipire kubwereza ntchitoyo ndani?

Ntchito ikatuluka bwino, sungani kope limodzi pamalo osafika dzuwa, pamodzi ndi nambala ya mtundu ndi fayilo yeniyeni ya chizindikiro chanu. Fayiloyo muitenge kwa amene anakujambulirani, chifukwa chithunzi chotumizidwa kangapo pa foni chimataya ukuthwa wake. Mabungwe aike zinthu zimenezi m'manja mwa mlembi monga amachitira ndi buku la ndalama, kuti komiti ikasintha mtundu wa gulu usasinthe nawo.

Kwa wamalonda wamng'ono amene akungoyamba, uphungu wabwino ndi wosankha mtundu umodzi kapena iwiri imene imatuluka bwino m'njira zonse ziwiri. Osindikiza ambiri ali ndi kabuku koonetsa mtundu wa spot pambali pa mnzake wa process, ndipo kuyang'anamo kwa mphindi zochepa kumasonyeza mitundu imene ingadzavute. Chizindikiro chotero chikhoza kusindikizidwa pa makina a digito lero pamene oda ili ya malebulo 200, ndi pa makina akuluakulu mawa malonda akakula, popanda ogula kuona kusintha.

Pomaliza, achinyamata amene akugwira ganyu m'mafakitale a ku Kya Sand, kunyamula mapepala kapena kutsuka masefa, azindikire kuti ali pafupi ndi luso la mtengo wapatali. Kusakaniza inki pa sikelo, kulumikiza mapuleti ndi kuweruza mtundu ndi maso ndi ntchito zimene zimafunika ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Chipata ndi ku Tete, kumene alimi ndi magulu a amayi akuyesetsa kuika uchi, ufa wa soya ndi mafuta a mpendadzuwa m'mapaketi oti apikisane ndi katundu wochokera kunja. Amene angabwerere kumudzi ndi luso limeneli adzakhala atatenga katundu amene salipitsidwa msonkho pa chipata cha Mwanza kapena cha Dedza.